Phunziro 7: Mafunde a Foni ndi Malire a Dziko

Amayi ndi abambo, m'phunziro lino tiwerenga za foni ya m'manja. Ambiri a ife tili nayo. Amene alibe amabwereka kwa mnansi kapena kwa mwana. Pa foni timamva za maliro, timafunsa mtengo wa chimanga, timalandira ndalama, ndiponso timaitana galimoto wodwala akatifooka usiku.

Koma anthu a kuno ku Mulanje, makamaka a ku Limbuli ndi ku Muloza, ali ndi dandaulo limodzi. Munthu ali pakhomo pake m'Malawi momwemuno, mwadzidzidzi pa foni palowa uthenga wa Chipwitikizi womulandira ku Mozambique. Wina apeza kuti mayunitsi atha msanga. Wina aimba nambala ya mbale wake, foni ikana. Ena mpaka amati foni yalodzedwa. Ayi, si ufiti. Chifukwa chake chilipo, ndipo munthu wodziwa kuwerenga angathe kuchimvetsa ndi kudziteteza.

Tikamaliza kuwerenga tidziwa zinthu zitatu: m'mene mawu amayendera popanda chingwe, amene amagawa njira za mawuwo, ndi zimene tingachite ife okhala kufupi ndi malire.

Mawu ayenda bwanji popanda chingwe?

Ponyani mwala padziwe. Muona mafunde akuyenda kuchokera pamene pagwa mwalapo kunka kumbali zonse. Foni nayo imatulutsa mafunde. Kusiyana kwake n'kwakuti mafunde a foni saoneka ndi maso ndipo samveka ndi khutu. Timawatcha mafunde a wailesi. Liwiro lawo ndi la kuwala: makilomita 300,000 pa sekondi imodzi.

Mukamayankhula, foni imasenzetsa mawu anu pa mafundewo. Mafunde amapita pa nsanja ya netiweki, ija yachitsulo yaitali mumaiona pa Boma kapena pa Chitakale. Nsanjayo imapereka mawu anu ku makina a kampani, ndipo makinawo amawatumiza ku nsanja ina imene ili kufupi ndi mnzanu.

Mafunde onse si ofanana. Ena amanjenjemera pang'onopang'ono, ena msangamsanga. Kunjenjemera kumeneku kumayezedwa. Muyeso wake ndi hetsi, dzina lochokera kwa Heinrich Hertz, katswiri wa ku Germany amene adaonetsa poyera kuti mafundewa alipodi. Hetsi 1,000,000 ndi megahetsi imodzi. Polemba mwachidule timalemba MHz.

Tengani wailesi yanu muyang'ane pagalasi pake. Pa FM muona manambala oyambira 88 kulekeza 108. Amenewo ndi ma MHz. Mukamapotoza kachitsulo kufuna MBC kapena Mzati, mumakhala mukusankha mafunde. Foni imachita chimodzimodzi, koma imasankha yokha, ndipo manambala ake ndi akuluakulu: 800, 900, 1800, 2100 ndi ena.

Munda wosaoneka

Tiyerekeze kuti mafunde onse ndi dimba limodzi lalikulu. Dimbalo lili ndi polekezera. Aliyense alifuna. Nyumba zoulutsa mawu zifuna gawo. A kanema afuna gawo. Apolisi, asilikali, oyendetsa ndege, oyendetsa sitima zapamadzi, a zanyengo ndi makampani a foni, onse afuna gawo.

Kodi chingachitike n'chiyani aliyense atangolowa m'dimbamo ndi khasu lake osafunsa? Mudziwa kale. Pangakhale ndewu, ndipo palibe amene angakolole. Pa mafunde zilinso choncho. Awiri akayankhulira pa funde limodzi malo amodzi, mawu awo amasokonezana. Mudamvapo usiku nyumba ziwiri zikulimbirana malo amodzi pa wailesi, uku nyimbo, uku nkhani, inu osatolapo kanthu? Kusokonezana kwa mafunde n'kumeneko.

Nkhani imeneyi si yamasewera. Pongodutsa 108 pa wailesi ya FM pali gawo la ndege. Kuyambira 118 kufika 137 MHz ndi pamene oyendetsa ndege amayankhulirana ndi anthu a pa bwalo la ndege monga Chileka. Munthu atati aulutse mawu pamenepo mwachisawawa, miyoyo ya anthu ingatayike.

Agawa ndani?

Kumudzi amagawa malo ndi amfumu. Pa mafunde, dziko lililonse lili ndi bungwe lake logawa. Kuno ku Malawi ndi MACRA. Bungweli lidakhazikitsidwa ndi lamulo la zofalitsa mauthenga la chaka cha 1998, ndipo tsopano limayendera lamulo latsopano la chaka cha 2016. Ku Mozambique kuli INCM, ku Zambia kuli ZICTA, ku Tanzania kuli TCRA.

Kampani ya foni siyikhala mwini wa mafunde. Imapempha chilolezo, imalipira, ndipo imapatsidwa gawo kwa zaka zowerengeka. Mafunde ndi chuma cha dziko lonse, monga nyanja ndi nkhalango. Ndi chuma chanu inu ndi ine. Lamulo la 2016 lija lidakhazikitsanso thumba la ndalama lothandiza kufikitsa foni ndi intaneti kumadera kumene makampani sangathamangireko okha chifukwa phindu ndi lochepa.

Kampani yoyamba ya foni za m'manja m'dziko muno ndi TNM, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1995. Yachiwiri idabwera m'chaka cha 1999 ndi dzina la Celtel. Idasintha dzina kukhala Zain m'chaka cha 2008, kenaka Airtel m'chaka cha 2010. Kutsidya ku Mozambique kuli makampani atatu: Tmcel, Vodacom ndi Movitel. Maina amenewa muwasunge, tiwafunanso kutsogoloku.

Pangano la maiko

Tsono apa pali vuto. MACRA ili ndi mphamvu m'Malawi mokha. INCM ili ndi mphamvu mu Mozambique mokha. Koma mafunde sadziwa malire. Saima pa geti ya Muloza kuti adindiritse pasipoti. Amangooloka mtsinje basi.

Mutu umodzi susenza denga. Maiko adaona kalekale kuti nkhani imeneyi ifunika kukhalirana pansi. M'chaka cha 1865 maiko a ku Ulaya adakumana ku Paris nayambitsa bungwe loyang'anira za matelegalamu. Bungwe limenelo ndi lomwe lero litchedwa ITU. Likulu lake lili ku Geneva m'dziko la Switzerland, ndipo ndi nthambi ya United Nations. Maiko oposa 190 ali m'bungweli, Malawi ndi Mozambique ali momwemo.

Zaka zitatu kapena zinayi zilizonse ITU imaitanitsa msonkhano waukulu wa mafunde a wailesi. Wa chaka cha 2015 udachitikira ku Geneva, wa 2019 ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, wa 2023 ku Dubai. Kumeneko nthumwi zimakambirana masabata anayi athunthu: gawo ili likhale la ndege, ili la kanema, ili la foni. Pofuna kuti ntchito iphweke, ITU idagawa dziko lapansi m'zigawo zitatu. Africa ili m'chigawo choyamba pamodzi ndi Ulaya ndi maiko a Aluya. America ili m'chigawo chachiwiri. Maiko ambiri a ku Asia, pamodzi ndi Australia, ali m'chigawo chachitatu.

Maiko a mu Africa asanapite ku msonkhanowo amayamba akumana okhaokha kudzera m'bungwe la ATU, la likulu lake ku Nairobi, kuti akayankhule ndi mawu amodzi. Kuno kum'mwera kwa Africa kulinso CRASA, bungwe la likulu lake ku Gaborone m'dziko la Botswana. M'menemo ndi m'mene MACRA, INCM, ZICTA ndi anzawo a m'maiko a SADC amakumana. Iwo ali ndi ndondomeko imodzi yosonyeza ntchito ya gawo lililonse la mafunde.

Tipindulanji ife?

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga za ku Geneva zindikhudza bwanji ine wothyola tiyi?" Zikukhudzani ndithu, ndipo zimalowa m'thumba mwanu momwe.

Choyamba ndi mtengo wa foni. M'chaka cha 1987 makampani a m'maiko 13 a ku Ulaya adasainirana pangano ku Copenhagen kuti onse atsate njira imodzi ya foni, yotchedwa GSM, pa mafunde a 900 MHz. Foni yoyamba ya njira imeneyi idaimbidwa ku Finland m'chaka cha 1991. Maiko a mu Africa adatsata njira yomweyo. Popeza ogula adachuluka, fakitale imodzi idatha kupanga mafoni miyandamiyanda ofanana, ndipo mtengo udatsika. Dziko la Malawi likadasankha mafunde akeake, pakadafunika foni yopangira Malawi yekha. Foni yoteroyo akadagula ndani? Olemera okha.

Chachiwiri ndi ichi: foni imene mwana wanu wakutumizirani kuchokera ku Joni imagwira ntchito kuno mukangoikamo khadi, pokhapokha ngati ndi yokhomedwa ndi kampani ya kumeneko. Chifukwa chake n'chakuti South Africa ndi Malawi amagwiritsa ntchito mafunde ofanana. Koma mafoni ena akale ochokera ku America ankakana kuno, pakuti kumeneko njira ya GSM idaikidwa pa 850 ndi 1900 MHz.

Chachitatu, mukapita kukaona abale ku Milange, ku Tete kapena ku Chipata, foni yanu yomweyo imagwira.

Mafunde a kumudzi

Pali chinthu china chimene ife akumudzi tiyenera kuchidziwa. Mafunde a nambala yaing'ono amapita kutali kusiyana ndi a nambala yaikulu. Amalowanso bwino m'nyumba ndi m'mitengo. Nsanja ya 800 kapena 900 MHz imafikira midzi yambiri. Nsanja ya 2100 MHz imathera pafupi. Choncho mafunde a nambala yaing'ono ali ngati nthaka ya m'mbali mwa mtsinje: ndi yochepa, koma aliyense aifuna.

Kale mafunde abwino a 700 ndi 800 MHz adali m'gawo la kanema. Kanema wakale ankadya malo ambiri. M'chaka cha 2006 maiko a chigawo chathu adagwirizana ku Geneva kuti asamukire ku kanema wa dijito, amene amanyamula matchanelo ambiri pa malo ochepa. Tsiku limene adapangana lidali 17 June 2015. Kabokosi ka Kiliye Kiliye kadabwera chifukwa cha kusamuka kumeneko.

Malo amene kanema adasiya adaperekedwa ku foni. Msonkhano wa 2007 udatsegula gawo la 800 MHz. Pa msonkhano wa 2012 maiko a mu Africa ndi a Aluya adaumirira kuti gawo la 700 MHz litsegulidwenso, ndipo zidatheka. Taonani tsono: maiko osauka akayankhula pamodzi, mawu awo amamveka.

Pa malire

Tibwerere ku dandaulo la ku Muloza lija. Kuchoka pa Boma kukafika pa malire ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Kutsidya kuli tauni ya Milange, m'munsi mwa phiri la Tumbine, m'chigawo cha Zambezia. Uko kuli nsanja, kunonso kuli nsanja, ndipo zonse zimayankhula pa mafunde ofanana.

Mafunde a foni amakonda njira yowongoka. Phiri limawatchinga. Phiri lathu la Mulanje ndi lalikulu zedi: nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Mudzi umene uli m'chigwa kapena kuseri kwa chitunda ungabisike ku nsanja ya kwathu, koma n'kumaonana bwino ndi nsanja ya kutsidya.

Foni idapangidwa kuti iyambe yafuna netiweki ya kwawo. Nsanja iliyonse imalengeza nambala ya dziko lake: ya Malawi ndi 650, ya Mozambique ndi 643. Foni ikasowa nsanja ya kwawo, imagwira ya mlendo, ngati kampani yanu ili pa mgwirizano ndi kampani ya kumeneko ndipo khadi lanu ndi lololedwa kugwira kunja. Zimenezi zimatchedwa roaming. Apo makina amakuwerengani ngati muli paulendo kunja kwa dziko, chonsecho muli pa khonde panu. Mitengo ya paulendo kawirikawiri imakhala yokwera. Nthawi zina ngakhale kungolandira foni kumadya mayunitsi.

Walira mvula walira matope. Kufanana kwa mafunde kumene kudatsitsa mtengo wa foni ndi komwenso kumabweretsa vuto limeneli. Mafunde sangamangidwe mpanda. Koma anansi angathe kugwirizana. Akatswiri a maiko oyandikana amachita zinthu zinayi. Amagawana tinjira ta mafunde kuti m'mbali mwa malire dziko ili liyendere uku, linalo uko. Amachepetsa mphamvu ya nsanja zoyandikira malire. Amaweramitsa tizitsulo totulutsa mafunde kuti tiyang'ane pansi ndi m'kati mwa dziko lawo. Amayendanso ndi makina kuyeza mphamvu ya mafunde amene aoloka. Izi zimachepetsa vuto, koma sizilithetseratu. Mankhwala enieni a mudzi wobisika ndi nsanja ya kwathu yoyandikira.

Nsanja imeneyo si ya macheza okha ayi. Tonse tikumbukira namondwe wa Freddy mu March 2023. Madzi ndi miyala zidatsika m'phiri, misewu ndi milatho idaduka, ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu ambiri adataya miyoyo. Masiku amenewo, kumene netiweki idatsala, foni ndi imene idali njira yoitanira thandizo ndi yofunira abale osowa. Pa tsiku lotero foni iyenera kugwira msanga, popanda kusokonezedwa.

Zoyenera kuchita

1. Musanaimbe, werengani dzina limene lalembedwa pamwamba pa galasi la foni. Ngati palembedwa TNM kapena Airtel, muli kwanu. Ngati palembedwa Vodacom, Movitel kapena Tmcel, kapena paoneka chilembo cha R, foni yaoloka malire.

2. Uzani foni kuti isamasankhe yokha. Pitani pa Settings, mupeze mawu akuti Network. Pamenepo pali mawu awiri: Automatic, kutanthauza kuti foni isankhe yokha, ndi Manual, kutanthauza kuti musankhe ndinu. Sankhani Manual, dikirani pang'ono, kenaka dinani dzina la kampani yanu. Koma dziwani kuti mukatero, pamene netiweki ya kwathu palibe foni ingokhala chete. Mukakhala paulendo weniweni wa kunja, bwezerani pa Automatic.

3. Ngati foni yanu ndi ya intaneti, zimitsani pamene palembedwa Data roaming.

4. Polemba manambala a abale m'foni, yambani ndi nambala ya dziko. Ya Malawi ndi +265, ya Mozambique ndi +258. Mukaika +265, chotsani 0 woyamba uja. Nambala yolembedwa chonchi imagwira kulikonse kumene muli.

5. Mayunitsi akadyedwa mosadziwika bwino, musangodandaulira pa chitsime. Lembani tsiku, nthawi, dzina la mudzi ndi dzina limene lidaoneka pa foni. Yambani mwauza kampani yanu. Mukapanda kuthandizidwa, kadandauleni ku MACRA, pakuti imodzi mwa ntchito zake ndi kuteteza ogula. Akatswiri sangadziwe mudzi uliwonse wobisika ngati eni ake sanena.

6. Musagule makina okokera netiweki kapena oulutsira mawu kwa anthu oyendayenda. Makina otulutsa mafunde amafunika chilolezo cha MACRA. Makina osavomerezeka angathe kutsekera netiweki mudzi wonse, ndipo mwini wake angaimbidwe mlandu.

7. Ngati china chakukanikani, funsani mphunzitsi wa kalasi yanu kapena mwana wa sukulu. Safunsa adadya phula. Koma nambala yachinsinsi ya ndalama zanu musauze munthu.

Mawu atsopano

Werengani mokweza, kenaka lembani m'kope mwanu.

Mafunde a wailesi: mafunde osaoneka amene amanyamula mawu ndi zithunzi.
Nsanja: chitsulo chachitali cholandira ndi kutumiza mafunde.
Megahetsi: muyeso wa mafunde. Mwachidule MHz.
Chilolezo: kalata ya boma yolola munthu kapena kampani kuchita ntchito.
Roaming: foni kugwira netiweki ya dziko lina.

Masamu

1. Pa gawo loyamba la GSM, foni imayankhula ndi nsanja kuyambira 890 kufika 915 MHz. Kodi pamenepa pali ma MHz angati?
2. Gawo limeneli lili ndi tinjira 124. Maiko awiri atagawana mofanana pa malire, dziko lililonse litenga tingati?
3. Bungwe la ITU lidayamba m'chaka cha 1865. Lidali ndi zaka zingati pa msonkhano wa ku Dubai wa 2023?
4. Padapita zaka zingati kuchokera pamene TNM idakhazikitsidwa kufika pamene Celtel idabwera?

Mafunso

1. Tchulani magulu anayi a anthu amene amafuna gawo la mafunde.
2. Ndi bungwe liti limene limagawa mafunde m'Malawi? Nanga ku Mozambique?
3. Chifukwa chiyani foni yochokera ku Joni imagwira ntchito kuno?
4. Ndi mafunde ati amene amafika kutali, a 800 kapena a 2100 MHz?
5. Mungadziwe bwanji kuti foni yanu yagwira netiweki ya kutsidya?

Zokambirana ndi zochita

Khalani m'magulu a anthu asanu. Kambiranani za malo a m'dera lanu kumene netiweki sigwira, ndi kumene imagwira ya kutsidya. Jambulani mapu a mudzi wanu pa pepala kapena pansi. Onetsani mtsinje, chitunda, sukulu, tchalitchi, mzikiti ndi chigayo. Ikani chizindikiro pa malo onse ovuta.

Mukatha, lembani kalata imodzi ya kalasi yonse. Tchulani dzina la mudzi, la gulupu ndi la mfumu yaikulu. Nenani vuto lanu m'mizere yochepa ndi yomveka. Aliyense asaine dzina lake ndi dzanja lake, osati chidindo cha chala. Kalatayo mukaipereke kwa amfumu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'dera lanu, kuti ikafike ku khonsolo pa Boma ndi ku kampani ya foni. Sungani kope lake, mulembepo tsiku limene mwaipereka.